Timakamera ting'onoting'ono m'maloboti: makina amaona bwanji, ndipo amalephera pati?

M'mwezi wa Disembala 2024, bungwe la America loona za mlengalenga la NASA linafotokoza zotsatira za kafukufuku wofuna kudziwa chimene chinagwetsa Ingenuity, kahelikoputa kolemera makilogalamu 1.8 komwe kanayamba kuuluka pa dziko la Mars pa 19 Epulo 2021. Kandegeka kanapangidwa kuti kayesedwe maulendo osapitirira 5, koma kanauluka maulendo 72, ndipo ulendo womaliza, wa pa 18 Januwale 2024, unathera pa kuthyoka kwa mapiko ake ozungulira. Chimene chinasokoneza anthu ambiri owerenga nkhaniyi n'chakuti vuto silinali kufa kwa kamera. Kamera inkajambula monga mwa masiku onse ndipo kunja kunali kowala, koma makinawo analephera kudziwa liwiro limene ankayendera, chifukwa pansi pake panali milu ya mchenga yofanana paliponse.

Zingatheke bwanji kuti makina okhala ndi kamera yabwinobwino alephere kuona masana? Yankho lake limafuna kumvetsa luso limene akatswiri amalitcha machine vision, kutanthauza njira zothandiza makina kutenga chithunzi, kupezamo zimene akufuna, ndi kuchitapo kanthu popanda munthu woyang'ana chithunzicho. Luso limeneli ndi lomwe lili m'manja a maloboti a m'mafakitale, m'madroni, m'makina opopera mankhwala m'minda ndiponso m'tizida tolowa m'malo momwe munthu sangafike.

Chimene kamera imapereka kwa kompyuta

Kamera yamakono ili ndi mbali zitatu zikuluzikulu. Kutsogolo kuli lenzi, kagalasi kapena kapulasitiki koumbidwa mwaluso kuti kasonkhanitse kuwala. Kumbuyo kwa lenziyo kuli sensa, kachidutswa ka silikoni kogawidwa m'timabokosi tambirimbiri totchedwa mapikiselo. Mbali yachitatu ndi zida zamagetsi zowerenga sensayo ndi kutumiza zimene zawerengedwa. Pikiselo iliyonse imasandutsa kuwala komwe kwaigwera kukhala mphamvu yamagetsi, ndipo mphamvuyo imayezedwa n'kulembedwa ngati nambala. Pa makamera ambiri ojambula zithunzi zopanda mtundu, nambala 0 imaimira mdima wa ndiweyani, nambala 255 imaimira kuyera kwa mbee, ndipo manambala apakati amaimira kutuwa kosiyanasiyana.

Kamera yomwe inkatsogolera Ingenuity inali ndi mapikiselo 640 chopingasa ndi 480 choimirira, onse pamodzi 307,200, ndipo inkajambula zithunzi 30 pa sekondi. Izi zikutanthauza kuti kompyuta yake inkalandira manambala opitirira 9 miliyoni pa sekondi iliyonse. Mwa manambala onsewo palibe imodzi yonena kuti apa pali mwala kapena apa pali dzenje. Kamera imangoyeza kuwala basi. Ntchito yopeza tanthauzo m'manambalawo ndi ya pulogalamu ya kompyuta, ndipo apa m'pamene pagona mutu wa nkhani yonseyi.

Ntchito imeneyi inayamba movutikira kwambiri. Mu 1963, Larry Roberts wa pa yunivesite ya MIT ku America analemba kafukufuku wosonyeza mmene kompyuta ingazindikirire maonekedwe a timabuloko kuchokera pa chithunzi. Mu 1979, kangolo koyesera ka pa yunivesite ya Stanford, komwe Hans Moravec ankagwiritsa ntchito, kanatenga maola pafupifupi 5 kuti kadutse m'chipinda chokhala ndi mipando, chifukwa kankayenda pang'ono n'kuima kwa mphindi zambiri kudikira kuti kompyuta imalize kuwerengera. Makamera a nthawi imeneyo anali aakulu ndiponso odya magetsi.

Zinthu ziwiri zinasintha mbali ya makamera. Choyamba ndi sensa yotchedwa CCD, yomwe Willard Boyle ndi George Smith anatulukira ku Bell Labs mu 1969, ndipo analandira nayo mphoto ya Nobel mu 2009. Chachiwiri ndi sensa ya mtundu wa CMOS, yomwe Eric Fossum ndi anzake anaikonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku Jet Propulsion Laboratory ku California pofuna makamera opepuka oika pa zombo za mlengalenga. Ubwino wa CMOS ndi wakuti sensa ndi zida zoiwerenga zimakhala pa kachidutswa kamodzi, ndipo imadya magetsi ochepa. Makampani opanga mafoni atayamba kugula masensa amenewa mamiliyoni ambirimbiri, mtengo wake unatsika kwambiri, ndipo opanga maloboti anapindula ndi kutsika kumeneko. N'chifukwa chake Ingenuity, ngakhale inapita ku Mars, inanyamula zida za pamsika wamba: sensa ya kampani ya OmniVision yoyang'ana pansi, kamera ya zithunzi zamtundu ya Sony ya mapikiselo 13 miliyoni, ndi purosesa (kachida kowerengera komwe ndi ubongo wa kompyuta) ya Qualcomm Snapdragon 801 yomwe inkapezeka m'mafoni.

Wina angadabwe kuti kamera yofunika kwambiri pa ziwirizi inali yopanda mtundu ndiponso ya mapikiselo ochepa. Sensa payokha sizindikira mtundu. Kuti chithunzi chituluke chamtundu, pamwamba pa mapikiselo amaikapo timasefa tofiira, tobiriwira ndi tabuluu, motsatira njira imene Bryce Bayer wa kampani ya Kodak anakonza m'zaka za m'ma 1970, ndipo sefa iliyonse imataya gawo la kuwala. Loboti yongofuna kudziwa mmene ikuyendera siifuna mtundu, koma imafuna kuwala kokwanira ndi zithunzi zopepuka zomwe kompyuta ingazimalize msanga. Kuchuluka kwa mapikiselo komwe amatamanda ogulitsa mafoni nthawi zina kumakhala mtolo chabe kwa loboti.

Kudziwa kumene uli popanda GPS

Ku Mars kulibe GPS, njira yodziwira malo mothandizidwa ndi masetilaiti, ndipo uthenga wochokera pa dziko lapansi umatenga mphindi zingapo, nthawi zina kupitirira 20, kuti ukafike. Munthu sakanatha kuwongolera kahelikoputa kaja ali kuno, choncho kanayenera kudziyang'anira kokha.

Munthu woyenda m'tchire lachilendo amaika maso pa zizindikiro monga chulu, mtengo wa mlambe kapena mwala waukulu, ndipo akaona chulu chomwe chinali kutsogolo chikutsalira kumanja, amadziwa kuti wayenda ndiponso kumene walowera. Pulogalamu ya loboti imachita chimodzimodzi ndi manambala. Imasanthula chithunzi kufuna malo amene kuwala kumasintha mwadzidzidzi, monga ngodya ya mwala kapena m'mphepete mwa mthunzi, n'kuwasunga ngati zizindikiro. Pa chithunzi chotsatira imafunafuna zizindikiro zomwezo ndi kuyeza kuti zasuntha ndi mapikiselo angati ndipo zalowera kuti. Zizindikiro zonse zikasunthira kumbuyo, ndiye kuti loboti yapita kutsogolo. Zikamwazikana kuchoka pakati pa chithunzi, ndiye kuti ikuyandikira pansi. Njira yoyeza ulendo pogwiritsa ntchito zithunzi motere imatchedwa visual odometry.

Kamera sigwira ntchitoyi yokha. Imathandizana ndi kachida kotchedwa IMU, komwe kamamva kupendekeka ndi kusintha kwa liwiro kambirimbiri pa sekondi, ndipo kachida kotere kali m'mafoni ambiri amakono. Vuto la IMU ndi lakuti tizolakwika take ting'onoting'ono timaunjikana, moti pakapita masekondi owerengeka imakhala itasochera ndithu. Kamera ndiyo imaibweza m'njira nthawi ndi nthawi. Pa Ingenuity panalinso kachida ka leza koyeza kutalika kuchokera pansi, kuti kompyuta idziwe kuti pikiselo imodzi ikuimira masentimita angati pa nthaka.

Mgwirizano wa zida zimenezi umadalira kwambiri nthawi, ndipo izi zinaoneka pa ulendo wa nambala 6, pa 22 Meyi 2021. Chithunzi chimodzi chokha chinatayika panjira yochokera ku kamera kupita ku kompyuta, ndipo zithunzi zonse zotsatira zinalembedwa nthawi yolakwika. Kompyuta inayamba kukonza zolakwika zimene kunalibe, moti kandegeko kanayamba kudzandira mumlengalenga, kupendekeka kupitirira madigiri 20. Kanatera bwinobwino pa mtunda wa mamita pafupifupi 5 kuchokera pamalo omwe kanayenera kutera, koma phunziro lake linali lomveka: chithunzi chabwino chofika ndi nthawi yolakwika chimasocheretsa.

Pa ulendo wa nambala 72 vuto linali la mtundu wina. Kahelikoputako kanakwera mamita 12, ndipo patapita masekondi pafupifupi 20 pulogalamu inasowa zizindikiro zokwanira zoti itsatire, popeza mchenga unali wosalala ndi wofanana. Malinga ndi ofufuza a NASA, chomwe chikuoneka kuti chinachitika n'chakuti kandegeko kanatera kakuyenda cham'mbali mwaliwiro, kanagunda pa mtunda wotsetsereka, ndipo mapiko anapindika mpaka kuthyoka.

Vuto lomweli limadziwika kwa oyendetsa madroni kulikonse. Madroni ambiri ogulitsidwa pamsika ali ndi timakamera toyang'ana pansi towathandiza kuima malo amodzi, ndipo mabuku awo amachenjeza kuti timakamerato timasokonezeka pamwamba pa madzi, pamalo a mtundu umodzi ndiponso kukada. Ku Malawi nkhaniyi si yachilendo, chifukwa mu Juni 2017 boma ndi bungwe la UNICEF anatsegula malo oyeserako madroni ku Kasungu, ndipo mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe kuti iphunzitse achinyamata kupanga ndi kuyendetsa madroni komanso kusanthula zithunzi zake. Droni yotumidwa kukajambula dera lomwe lasefukira imauluka pamwamba pa madzi oyenda ndi onyezimira, amene ali m'gulu la malo ovuta kwambiri kwa kamera yofuna zizindikiro zokhazikika, ndipo zikatero imadalira kwambiri GPS ndi luso la woyendetsa.

Pali sitepe ina yoposa kuyeza ulendo, yomwe imatchedwa SLAM. Apa loboti imajambula mapu a malo achilendo kwinaku ikudzipeza yokha pa mapu omwewo, ndipo ikafikanso pamalo pomwe inadutsa kale imazindikira ndi kukonza zolakwika zomwe zinaunjikana. Makina osesa m'nyumba a Roomba 980, omwe kampani ya iRobot inatulutsa mu 2015, ankagwiritsa ntchito kakamera pa ntchito imeneyi. Ena amapewa vutoli mwa kuika okha zizindikiro: maloboti onyamula mashelefu a kampani ya Kiva, yomwe Amazon inagula mu 2012, amayenda powerenga timapepala ta zizindikiro tomatidwa pansi m'nyumba zosungira katundu.

Kuyeza kutalika kwa mtunda

Chithunzi chimodzi sichinena ngati chinthu ndi chaching'ono chapafupi kapena chachikulu chakutali. Njira yakale yothetsera izi ndi kugwiritsa ntchito makamera awiri oyandikana. Aliyense angathe kuyesa mfundo yake poika chala patsogolo pa nkhope n'kutsinzina diso limodzi, kenako linalo: chalacho chimaoneka ngati chalumpha, pamene phiri lakutali silisuntha. Kompyuta imayeza kulumpha kumeneko pa chizindikiro chilichonse, ndipo popeza imadziwa mpata wa pakati pa makamera awiriwo, imawerengera mtunda.

Mpata umenewu ndi wofunika. Maso a munthu amatalikirana masentimita pafupifupi 6, pamene makamera oyendetsera galimoto ya Perseverance, yomwe inatera ku Mars pa 18 Febuluwale 2021 itanyamula Ingenuity kumimba kwake, amatalikirana masentimita pafupifupi 42. Makamera akatalikirana kwambiri amayeza bwino zinthu zakutali. Loboti yaing'ono ilibe malo otalikitsira makamera ake, choncho imayeza bwino zinthu zapafupi zokha, ndipo palibe pulogalamu imene ingachotseretu malire amenewa.

Njira zina zimawalitsa kuwala kwawokwawo. Chida cha Kinect, chomwe Microsoft inatulutsa mu 2010 chosewerera magemu, chinkamwaza timadontho ta kuwala kosaoneka ndi maso kwa infuraredi, n'kuona mmene timadonthoto tapindikira pa zinthu, ndipo ofufuza za maloboti anachikonda chifukwa chinali chotsika mtengo. Makamera ena amayeza nthawi yomwe kuwala kumatenga kupita ndi kubwerera. Njira zoterezi zimagwira ntchito ngakhale pa khoma loyera lopanda chizindikiro, koma padzuwa lamphamvu kuwala kwawo kumamira.

Kuzindikira chinthu ndi kuchigwira

M'mafakitale, kakamera kamamangidwa pa mkono wa loboti pafupi ndi chogwirira, kotero kuti loboti imaona chinthu pamene ikuchiyandikira n'kumakonza kayendedwe kake. Isanayambe ntchito, akatswiri amaionetsa bolodi la mabokosi akuda ndi oyera osinthanasinthana, la miyezo yodziwika, kuti kompyuta idziwe mmene lenzi imapindira chithunzi ndiponso malo enieni a kamera poyerekeza ndi chogwirira. Makina oika tizida tamagetsi pa mabolodi a mafoni amajambula kachida kalikonse kasanaikidwe, ngakhale kali kotalika mamilimita 0.4 okha, n'kukatembenuza kuti kakhale bwino. Chinsinsi cha kulondola kumeneku nthawi zambiri si kamera yodula, koma nyale: m'fakitale kuwala kumakonzedwa kuti kukhale kofanana usana ndi usiku, ndipo chinthu chofunidwacho chimadziwika kale maonekedwe ake.

Kunja kwa fakitale zinthu sizikhala mwadongosolo choncho, ndipo kwa zaka zambiri makompyuta ankalephera kusiyanitsa zinthu wamba. Kusintha kwakukulu kunabwera mu 2012, pamene Alex Krizhevsky, Ilya Sutskever ndi Geoffrey Hinton a pa yunivesite ya Toronto anapambana mpikisano wa ImageNet wozindikira zithunzi za magulu 1,000. Pulogalamu yawo inalakwitsa pafupifupi 15 pa 100 iliyonse, pamene yotsatira inalakwitsa pafupifupi 26. M'malo molemba malamulo ofotokoza maonekedwe a chinthu chilichonse, iwo anaonetsa kompyuta zithunzi zoposa miliyoni imodzi zolembedwa kale mayina, ndipo pulogalamuyo inadzipezera yokha zosiyanitsa. Imeneyi ndi mbali ya luso lomwe ambiri amangolitchula kuti AI.

Chitsanzo chake pa ulimi ndi makina opopera a See & Spray Ultimate a kampani ya John Deere, omwe anachokera ku ntchito ya Blue River Technology, kampani yomwe John Deere inagula mu 2017. Pa mkono wopopera wotalika mamita pafupifupi 36 pali makamera 36 oyang'ana pansi, ndipo kompyuta imasiyanitsa mbewu ndi udzu makinawo akuyenda, n'kutsegula kampopi kokhako komwe kali pamwamba pa udzuwo. Koma pulogalamu yotere imadziwa zokhazo zimene inaphunzitsidwa. Makinawa anakonzedwera minda ikuluikulu ya mbewu imodzi, monga chimanga, soya kapena thonje, ndipo munda wosakaniza chimanga, nyemba ndi maungu, monga ilili minda yambiri ya alimi ang'onoang'ono, ungafune zithunzi zina zophunzitsira kuti nyemba zisatengedwe ngati udzu.

Kumene kuchepa kuli kofunika kwenikweni

Pali ntchito zina zimene kamera yaikulu singagwire ngakhale pang'ono. Sensa ya OV6948 ya kampani ya OmniVision, yomwe inalembedwa mu Guinness World Records ngati yaing'ono kwambiri mwa zogulitsidwa pamsika, ndi ya mamilimita 0.575 mbali zonse ziwiri, ndipo ili ndi mapikiselo 200 chopingasa ndi 200 choimirira. Inapangidwira tizida tachipatala tolowa m'timipata topapatiza ta m'thupi.

Apa m'pofunika kusiyanitsa zinthu zomwe nkhani zambiri zimasakaniza. Kapisozi wa PillCam, yemwe kampani ya Given Imaging ya ku Israel inapanga ndipo analoledwa ku America mu 2001, amamezedwa n'kumajambula m'matumbo, koma sadziyendetsa. Amangotengedwa ndi kayendedwe ka matumbowo. Makina ochitira opaleshoni a da Vinci, omwe analoledwa ku America mu 2000, ali ndi makamera awiri kunsonga kwa kachubu kolowa m'thupi, koma amene amaona chithunzicho ndi kusankha podula ndi dokotala. Pa zitsanzo ziwirizi kamera ndi diso la munthu lotalikitsidwa, ndipo kompyuta imangothandiza, mwachitsanzo posankha zithunzi zokayikitsa kuti dokotala aziyang'anitsitse.

Ku Japan, pa malo opangira magetsi a nyukiliya a Fukushima Daiichi omwe anawonongeka mu Malichi 2011, makamera a maloboti akhala njira yaikulu yoonera m'kati mwa ng'anjo zosungunuka, ndipo akhalanso mbali yofooka kwambiri. Mu Febuluwale 2017, loboti yotumidwa kukayeretsa njira m'chigawo chachiwiri cha malowo inabwezedwa patatha maola pafupifupi awiri chifukwa cheza choopsa chinayamba kudetsa chithunzi chake. Mu Julaye chaka chomwecho, kaloboti kosambira kotchedwa Little Sunfish kanajambula zinthu zooneka ngati mafuta a nyukiliya osungunuka m'chigawo chachitatu. Mu Seputembala 2024, ntchito yotulutsa kachidutswa koyamba ka mafutawo inaima pamene makamera a kunsonga kwa chida anasiya kutumiza zithunzi, ndipo atasinthidwa, kachidutswa kosakwana galamu imodzi kanatulutsidwa mu Novembala.

Ofufuza a pa University of Washington anasonyeza mu 2020 mbali ina ya nkhaniyi pomanga kakamera kolemera mamiligalamu pafupifupi 250 pamsana pa zikumbu zamoyo. Kakamerako kankatumiza ku foni zithunzi zapakati pa 1 ndi 5 pa sekondi. Chosangalatsa pa ntchitoyi si kuchepa kokha, koma mmene anasungira mphamvu ya batire. M'malo mogwiritsa ntchito sensa yaikulu yoona malo ambiri nthawi imodzi, anaika kakamerako pa kamkono kotembenuka madigiri 60, potengera tizilombo tomwe timatembenuza mutu kuti tione. Ndipo atakonza kuti kazijambula pokhapokha chikumbucho chikamayenda, batire lomwe linkatha pa ola limodzi kapena awiri linayamba kufika maola 6.

Mtengo wa kuchepa

Chilichonse chimene chimachepetsedwa pa kamera chimalipiridwa penapake. Pikiselo yaing'ono imalandira kuwala kochepa, choncho m'malo amdima chithunzi chimadzaza timadontho tosokoneza, ndipo pulogalamu imatha kutenga timadonthoto ngati zizindikiro zenizeni. Munthu angakonze izi polola sensa kusonkhanitsa kuwala kwa nthawi yaitali, koma loboti ikamayenda chithunzicho chimapakika. Lenzi yaing'ono imaphimbidwa ndi kadontho kamodzi ka madzi, fumbi kapena magazi. Lenzi yoona malo ambiri imapinda mizere yowongoka, ndipo kompyuta iyenera kuiwongolanso isanayambe kuyeza.

Palinso nkhani ya mmene sensa imawerengedwera. Makamera ambiri a mafoni amawerenga mzere umodzi wa mapikiselo, kenako wotsatira, kuchokera pamwamba mpaka pansi, njira yotchedwa rolling shutter. Chinthu chikamayenda mwaliwiro, pofika nthawi yowerenga mzere wapansi chimakhala chitasuntha, ndipo n'chifukwa chake mapolo a magetsi ojambulidwa kuchokera m'basi yothamanga amaoneka opendama. Kwa munthu zimenezi n'zoseketsa chabe, koma kwa loboti yoyeza mtunda ndi bodza. Pa chifukwa chimenechi maloboti othamanga amagwiritsa ntchito masensa a global shutter, amene mapikiselo onse amajambula pa nthawi imodzimodzi, ngakhale kuti ndi okwera mtengo ndipo kawirikawiri amakhala ndi mapikiselo ochepa.

Mtolo waukulu kwambiri nthawi zambiri si kamera, koma kompyuta yosanthula zithunzizo, yomwe imadya batire ndi kutentha. Kutumiza zithunzi kwa kompyuta yaikulu yakutali kumapeputsa loboti, koma kumabweretsa kuchedwa ndiponso kudalira netiweki. Njira ina yomwe ikuyesedwa ndi ya makamera otchedwa event camera, omwe anakonzedwa kwambiri ku Zurich ndi Tobi Delbruck, Patrick Lichtsteiner ndi anzawo m'zaka za m'ma 2000. M'makamera amenewa mulibe zithunzi zathunthu zotsatizana. Pikiselo iliyonse imakhala chete mpaka kuwala kwake kutasintha, ndipo ikatero imatumiza uthenga nthawi yomweyo. Zotumizidwa zimachepa kwambiri ndipo kuyenda kwaliwiro kumaoneka bwino, koma mapulogalamu ambiri omwe alipo anapangidwira zithunzi wamba, moti ayenera kulembedwa mwatsopano.

Zithunzi zimapita kuti?

Loboti yokhala ndi kamera ikalowa m'nyumba, m'chipatala kapena ikauluka pamwamba pa mudzi, imajambulanso anthu omwe sanali cholinga chake. Mu Disembala 2022, magazini ya MIT Technology Review inaulula kuti zithunzi za m'nyumba za anthu, zojambulidwa mu 2020 ndi makina oyeserera a Roomba, zinapezeka m'magulu a pa intaneti. Zithunzizo zinatumizidwa kwa kampani ya Scale AI kuti zikalembedwe mayina a zinthu pophunzitsa pulogalamu, ndipo ena mwa ogwira ntchitoyo, omwe anali ku Venezuela, anazigawana. Kampani ya iRobot inayankha kuti makinawo sanali ogulitsidwa pamsika, koma apadera operekedwa kwa antchito ake ndi anthu olipidwa omwe anasaina kuti akudziwa zoti akujambulidwa. Otsutsa anati anthuwo sakanadziwa kuti zithunzizo zidzadutsa m'manja mwa anthu angati.

Nkhaniyi inaonetsa mbali yomwe imabisika: pulogalamu yozindikira zinthu imaphunzira kuchokera ku zithunzi zenizeni zomwe anthu enieni anaziyang'ana. Opanga maloboti amati popanda zithunzi zoterozo makina sangaphunzire kupewa chingwe cha magetsi kapena mwana wokwawa, pamene oteteza ufulu wa anthu amati chilolezo chiyenera kukhala chomveka ndipo zithunzi zisasungidwe popanda chifukwa. Mayiko ambiri akhazikitsa malamulo oteteza uthenga wokhudza munthu payekha, ndipo Malawi inakhazikitsa lamulo lotere mu 2024.

Kumbali ya luso, njira imodzi yochepetsera vutoli ndi kusanthula chithunzi m'kati mwa kamera momwemo. Mu 2020 kampani ya Sony inatulutsa sensa ya IMX500, yomwe ili ndi purosesa yomatidwa kumbuyo kwa mapikiselo, ndipo ingakonzedwe kuti izitumiza zotsatira zokha, monga chiwerengero cha anthu odutsa pakhomo, popanda kutulutsa chithunzi chenichenicho. Njirayi imachepetsanso magetsi ndi kuchedwa. Komabe ili ndi malire awiri: purosesa yaing'ono chotero imanyamula mapulogalamu aang'ono okha, ndipo makina akalakwitsa pamene chithunzi sichinasungidwe, akatswiri amasowa chowathandiza kufufuza chimene makinawo anaona pa nthawiyo.